Pensulo ya Bambo Wendrich

"Usafufute, Detlef! Ndati dikira!"

Almut analanda labala m'manja mwa mchimwene wake. Patebulo la m'khitchini panali mapepala a simfone, nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la oimba, chida choimbira chilichonse mulu wakewake. Bambo awo a Wendrich, amene anaikidwa m'manda Lolemba, ndiwo ankasunga mapepala a gulu loimba la m'tauniyo. Nyimbo iyi, yomwe inaimbidwa kamodzi kokha mu 1847 n'kuiwalika, anaibwereka kunyumba yosungira zakale ndipo anakhala nayo zaka makumi atatu, akulemba maganizo awo ndi pensulo m'mbali mwa tsamba lililonse.

Tsopano eni ake ankafuna mapepalawo Lachisanu, ali oyera, monga mwa lamulo.

"Lamulo lomwelo bambo ankazunza nalo anthu," anatero Detlef. "Waiwala? Woimba akabweza pepala losafufuta, ankamulondola mpaka kwawo."

"Ndikopere kaye."

"Masiku atatu, masamba mazana asanu ndi anayi. Pomaliza tidzakhala tikuika iweyo."

Makina ojambulira mapepala anali atalephera kale, zolembazo zinali zosaoneka bwino. Almut anawerenga mokweza: "'Apa malipenga akhala chete chifukwa oimba akusintha zitoliro. Si chisoni ayi. Chisoni chili m'mavayolini achiwiri, omwe palibe amene amawamvera.'" Anaponya cholembera patebulo. "Ine ndinaphunzira zamankhwala, ndikukopera zinthu zomwe sindikuzimva n'komwe! Amayi, tanenani kanthu."

Mayi Irmtraud anapitiriza kusenda mbatatesi. "Nyimbo imeneyo inali chibwenzi cha bambo ako. Ndalimbana nacho moyo wanga wonse, lero ndichiikire kumbuyo?"

Detlef anasolola mulu wapansi kuti awerenge masamba otsala. Atafika pa lomaliza anaima.

"Almut, taona apa."

Pansi penipeni, m'zilembo zing'onozing'ono za bambo awo, panalembedwa kuti: "Kwa wofufuta: uyambire pakati kupita m'mphepete, pang'onopang'ono, pepalali ndi lakale. Ndalemba mosadinikiza dala. Wobwera pambuyo panga adzadzimvere yekha."

Almut anawerenga kawiri.

"Munthu wovuta," anatero. "Kufufuta pang'onopang'onoku kundidyera masiku anga atatu onse!"

Anatseka kope lomwe ankakoperamo, natenga labala uja, nakokera tsamba loyamba pafupi. Mayi ake anapukuta manja pa epuloni, chala chilichonse pachokhapachokha, kenako anabwera kudzagwirira ngodya ya pepalalo kuti lisapindike.