Fungo la Oyilo M'galimoto ya Ababa

Fungolo linayamba Lolemba m'mawa, Namwino ataima pamaloboti. Linalowa pang'onopang'ono, fungo lokanda pakhosi la oyilo wopserera. Anatsitsa windo koma silinachoke. Pofika kuchipatala kumene ankagwira ntchito, yunifolomu yake inali italiyamwa kale.

Galimotoyo inali ya bambo ake. Iwo anayendetsa malole moyo wawo wonse, ndipo atapuma pantchito anagula kagalimoto aka n'kumakasamala ngati khanda. Boneti yake panalibe wina wololedwa kuitsegula. Koma chaka chapitacho sitiroko inawagwetsa m'bafa, inawapha mbali yonse yakumanja n'kuwalanda ndi mawu omwe. Chiyambire pamenepo ankangogona m'chipinda chakumapeto, maso ali kudenga. Namwino ndi azakhali ake ndiwo ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Makiyi a galimoto anatsala m'manja mwa Namwino.

Tsiku limenelo ataweruka, Namwino anapita kugalaja ya makaniko wina amene anthu ankamutcha Mlamu, chifukwa aliyense wolowa pageti pake, kaya m'busa kaya wapolisi, iye ankamuitana kuti mlamu.

"Mlamu, mukukazinga chiyani muno?" anatero makanikoyo akununkhiza.

Anatsegula boneti n'kuwunika ndi tochi m'mbali mwa injini. Anadutsitsa chala pamzere wakuda wonyowa, n'kumuonetsa.

"Mwaona? Pansi pa chivundikiro ichi pali labala, timati gasiketi. Yauma, yang'aluka. Oyilo akuchucha n'kumadonthera pa ekizozi apa. Ekizozi ikatentha, oyilo uja amapsa. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Mukanachedwa, bwenzi mukuona ndi utsi womwe."

Anamasula mabawuti, anapala gasiketi yakale imene inkangophwanyika ngati bisiketi, anaika yatsopano, natsuka injini yonse mpaka mbee. Atayeza oyilo, anali pamzere pake ndendende. Sabata imeneyo Namwino anayenda mtima uli m'malo.

Lolemba lotsatira, pamaloboti omwe aja, fungo lija linabwerera.

Ulendo uno Mlamu sanaseke. Gasiketi yake inali youma gwa. Koma pamwamba pa injini, mozungulira pothirira oyilo, panali ponyowa, ndipo oyilo anali atayenderera mpaka pa ekizozi. Chitsekero chinali chongokhazikidwa mopendekera. Anasolola kachitsulo koyezera, anakapukuta, anakabwezera, n'kukasololanso.

"Wadutsa mzere. Mwathira oyilo inu?"

"Ine? Ndi pothirira pomwe ndapadziwa lero."

"Ndiye alipo akuthira. Ndipo dzanja lake limanjenjemera, taonani mmene watayira. Mukafunse kunyumba, mlamu. Injini sibereka oyilo."

Anakhetsa wowonjezerayo, anatsukanso, n'kumanga chitsekero bwinobwino.

Kunyumba azakhali anangoomba m'manja. "Ine ndi galimoto? Mwana iwe, ndikanadziwa zotsegula maboneti bwenzi ndili pano?"

Namwino analowa m'galaja ya pakhomo, imene inagundana khoma ndi chipinda cha bambo ake. Pashelefu panali chigubu chawo cha oyilo, fumbi lokhalokha, kupatula pachogwirira. Pamenepo panali poyera.

Madzulo amenewo, akusambitsa bambo ake, ananyamula dzanja lawo lamanja, lakufa lija, kuti apukute pakati pa zala. M'zikhadabo munali mwakuda. Analifikitsa pamphuno, n'kulibwezera pabedi msangamsanga. Bambo ake anali chiyang'anire kudenga.

Anayamba kulingalira. Pakati pa sabata galimoto imakhala ndi iye kuntchito. Ikakhala pakhomo, iye kapena azakhali amakhala ali maso pa wodwalayo. Nthawi yokha imene nyumba imatsala yopanda munthu woyenda ndi Lamlungu m'mawa, awiriwo akapita wapansi kutchalitchi, atawatsekera bambowo m'nyumba.

Lamlungu litafika anawauza azakhali kuti mutu ukumuwawa, atsogole okha. Anakhoma galaja ndi loko, makiyi onse anaika m'thumba la diresi, n'kukakhala pampando pambali pa bedi la bambo ake.

Kunja kunali dzuwa lowala bwino. Kuseri kwa mpanda mayi wina ankachapa akuimba. M'chipindamo munkangomveka kupuma kwa wodwalayo. Namwino anayamba kudziseka mumtima: munthu wophunzira, wodziwa bwino lomwe kuti dzanja lotere silinganyamule ngakhale sipuni, wajomba kutchalitchi kuti alondere chigubu.

Kenaka kuseri kwa khoma kunamveka kuti kho!

Anakudziwa kulira kumeneko. Ndi mmene boneti imalirira ikamasuka. Panatsatira kulira kwa mahinjesi, pang'onopang'ono, ngati wotsegulayo akulemedwa.

Pabedi, dzanja lamanja la bambo ake linadzuka. Dzanja limene iye ankalisisita ndi kulipinda tsiku ndi tsiku osayankha, linakwera m'mwamba likunjenjemera, zala zitagwira chinthu chosaoneka, n'kuyamba kupotokola. Maso awo sanalinso kudenga. Ankayang'ana pansi, patsogolo pawo, tsinya lili pamphumi, ngati munthu amene waweramira ntchito.

Kuseri kuja chinachake chinakhwekhwereza pashelefu, ndipo mkono wa bambo ake unatambasuka, n'kuyamba kupendeka ngati ukuthira.

Namwino anagwira mkonowo. Unali wofunda, wolimba, mitsempha ili tototo.

"Ababa," anatero. "Ababa, oyilo alimo wokwanira. Makaniko anayeza, ali pamzere. Mukathira wina muononga injini."

Mkono unaima. Maso aja anatembenuka n'kumuyang'ana, osati mwa wodwala ayi, koma mmene ankamuyang'anira ali mtsikana akafika pakhomo mochedwa.

"Ndikuisamala, Ababa. Kumene inkachucha anakonza, anaika gasiketi yatsopano. Ndiziyeza ndekha sabata iliyonse. Pumulani."

Mayi wochapa uja anali atasiya kuimba. Kenaka mkono unawongoka, zala zinapotokola chobwerera, pang'onopang'ono, mpaka zinamanga. Dzanja linagwera pabulangete, lolemera, lozizira ngati kale. Kuseri kwa khoma boneti inatsekeka kuti phwa!

Namwino sanasunthe pampandopo mpaka anamva azakhali akutsegula geti. Anawapempha kuti amuperekeze kugalaja, osawauza chifukwa. Loko anali chikhomere. Boneti inali yotseka. Chigubu chija chinali pansi, chitaima bwinobwino pafupi ndi tayala lakutsogolo.

"Wachitsitsa ndiwe?" anafunsa azakhali.

"Ndine," anatero Namwino, n'kuchibwezera pashelefu.

M'mawa mwake anadzera kwa Mlamu asanapite kuntchito. Fungo kunalibe. Anamupempha kuti amuphunzitse kuyeza oyilo, ndipo makanikoyo anamuonetsa: galimoto iime pamalo osapendekera, injini izizire kaye, kachitsulo kapukutidwe kasanawerengedwe. Oyilo anali atangopitirira mzere pang'ono, osati kwakuti n'kudandaula. Koma atafuna kumuonetsa pothirira, chitsekero chinakana. Anachigwira ndi nsanza, ndi manja awiri, mpaka thukuta.

"Amene wamanga apa si munthu wamasewera," anatero akupemerera zala. "Mwamupeza wothira uja?"

"Ndamupeza. Takambirana."

Mlamu anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma ataona nkhope ya Namwino anangotseka boneti mwakachetechete n'kupita kukamutsegulira geti.

Fungo lija silinabwererenso. Bambo ake anakhalabe ndi moyo mpaka mvula itayamba, ndipo dzanja lawo silinadzukenso. Koma masiku onse amene anatsala, Namwino sanawasiyenso okha m'nyumba Lamlungu m'mawa.