Masiku Awiri Osalembedwa pa Khadi

Namwino anagunditsa kachipangizo koyezera chikasu pachipumi pa khandalo katatu, kenako anatsegula khadi lake.

"Amayi, tinati mwanayu abwere Lachitatu pa 5 ndi Lachisanu pa 7. Lero ndi pa 10. Munali kuti?"

Mayiyo anali atangobwera kudzachotsa ulusi wa opaleshoni. Sabata yonse sankatha kuyenda, choncho masiku awiriwo mwamuna wake, wopenta nyumba, ndi amene ankatuluka ndi mwana m'mawa.

"Anabwera naye bambo akewa," anatero mayiyo. "Maulendo onse awiri anandiuza kuti mwati ali bwino."

Namwino anamutembenuzira khadilo. Panali muyezo umodzi wokha, wa pa 4. Malo a pa 5 ndi a pa 7 anali osalembedwa.

Mayiyo anacheukira mwamuna wake, amene anali ataima pakhomo.

"Bambo a mwana, munkapita naye kuti?"

"Kuno ndinkafika ndithu. Koma mzere wake! Mpaka kumasitepe uko, ine ndili ndi nyumba ya eni yoti ndimalize. Ndiye ndinkamuyang'ana bwinobwino pawindo, n'kukamusiya kwa achemwali, masana n'kumutenga."

"Ine kumafinya mkaka m'botolo, ati mukamupatse muli pamzere."

"Ankamwa ndithu. Komanso anesi, zaka khumi ndi ziwiri ndikusakaniza penti. Chikasu ndingachiphonye ine?"

"Mwanayu si khoma, bambo," anatero namwino. Anadina khandalo pamwendo, khungu n'kutsala lachikasu. "Mwaona? Chatsika mpaka kuno. Muyezo wadutsa malire. Titenga magazi, ndipo agonekedwa pansi pa magetsi ochotsa chikasu lero lomwe. Akamatuluka tidzamuyeza makutu, chifukwa chikasu chikakwera chonchi chimatha kuwononga kumva."

Mayiyo sanalire. Anafunsa kuti magaziwo atuluka nthawi yanji, namwino anati pakatha maola awiri.

"Mukanangonena kuti mzere watalika," anauza mwamunayo motsitsa mawu, "ndikanakwawa."

"Sindinkafuna kuti muzidandaula muli ndi bala."

Namwino anatulutsa fomu yogonekera wodwala n'kulemba tsiku ndi nthawi.

"Nambala ya foni ya munthu wachiwiri, woti tikamuuza kanthu akuuzeni msanga?"

Mwamunayo anayamba kutchula yake. Namwino anali atalemba manambala anayi pamene mayiyo anaika dzanja pafomupo.

"Fufutani, anesi. Lembani ya mkulu wanga."