Wolakwa Savundukula Mkeka

Peniamina anafika m'mudzi mwathu muno ndi chikwama chimodzi basi. Ku Samoa kuno anachokako ali khanda, n'kukakulira ku Sydney, ndipo boma la kumeneko litatopa ndi milandu yake linangomukweza ndege. Chilankhulo chathu ankachita kutolatola ngati nkhuku. Amalume ake, a Saifoloi, anamupatsa pogona, koma Peni ankangobindikira kuseri kwa nyumba, maso pa foni yosalira. Belu la mapemphero amadzulo likalira, mudzi wonse n'kukhala pansi, iye ankayatsa fodya. Kunena zoona, ine sindinkamukonda.

Tsiku lina kubwalo la masewero, Onosai, mwana wa a Malaki, anayamba kumunyogodola.

"Iwe katundu wobwezedwa, kodi azungu anakupeza ndi chilema chanji?"

Chibakera chinali chimodzi, nsagwada ya Onosai n'kuthyoka. Pofika madzulo abale a Onosai anali akunola zikwanje, ndipo akuluakulu anagamula kuti a kwa Malaki akapanda kukhululuka, Peni achoke m'mudzi. Achoke apite kuti, poti kwinako anamuthamangitsako kale?

M'mamawa a Saifoloi, nkhalamba ya nyamakazi, anakagwada pamiyala pakhomo pa a Malaki, n'kufunda mkeka waulemu mutu wonse. Kwathu timapepesa choncho: amafunda ndi mkulu wa banja, ndipo sasuntha mpaka olakwiridwawo adzamuvundukule. Dzuwa linakwera, m'nyumbamo zii. Kunawaza kamvula, dzuwa n'kubweranso ndi ukali. Mkeka uja unayamba kunjenjemera.

Peni, amene ankaonera patali, anadzambatuka.

"Zamisala izi! Womenya ndine. Ndikawachotse ndilowemo ndekha!"

Mayi Leafa, akazi a a Saifoloi, anamugwira malaya.

"Khala pansi, chitsiru iwe! Ukangoukhudza mkekawo watukwana a Malaki kachiwiri. Wolakwa savundukula."

"Ndiye nditani, amayi?"

"Uzingoyang'ana."

Anayang'anadi. Chimunthu chonse chija, zojambula mbwee m'mikono, chinakhala m'fumbi misozi ili chuchuchu. Manyazi anamugwira koopsa. Nanenso anandigwira, chifukwa ndinali nditabwera kudzaonera akumupirikitsa.

Dzuwa litapendeka, mayi ake a Onosai anatuluka maso ali psuu. Anaima nthawi yaitali pafupi ndi mkekawo, kenako anawerama n'kuuvundukula. A Saifoloi analephera kudzuka, moti a Malaki eni akewo ndiwo anawanyamula.

Madzulo ndinapititsira a Saifoloi nsomba, n'kupeza Peni akupaka mafuta a kokonati m'mawondo otupa aja.

"Mukanangondileka andithamangitse, malume," anatero. "Ndinazolowera."

"Vuto lako ndi lomwelo. Ndipo uzipaka pang'onopang'ono, si galimoto imeneyo."

Peni anakweza maso, n'kuyang'ana chithunzi cha Yesu pamtanda chimene chinali pamzati. Miyezi yonseyi ankagona pansi pake osachilabadira.

"Uyonso ankafundira anthu ena?"

"Eya. Ine ndi iwe, ngakhalenso uyu wabwera ndi nsombayu."

"Nanga iyeyo anamuvundukula ndani?"

"Atate ake, amene tinawalakwirawo, tsiku lachitatu."

Mafuta ankadontha m'zala za Peni.

"Ndiye palibe chimene ndingabweze?"

"Palibe, mwanawe. N'chimene chikukupwetekacho."

Belu linalira. Peni anapisa dzanja m'thumba momwe munali fodya, n'kulitulutsa lopanda kanthu. Anapinda miyendo pamodzi nafe. Nyimbo sankaidziwa, anangozyolika. Titamaliza kuimba, a Saifoloi anatsegula pakamwa kuti apemphere, koma mawu ena onjenjemera anawatsogolera, m'Chisamoa chothyokathyoka chomwe tinkachiseka chija.

"Ambuye, ndine Peni uja. Ndabwera chimanjamanja. Ndivundukuleni."

Palibe anaseka.