Chimene Mwera Ankaopa

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale amayi. Amene anaononga Mwera ndine.

Mwera ndi kavalo. Eni malo ogona alendo kufupi ndi kwathu ku Nkholongue atatseka malowo n'kumapita, anamusiyira ababa, a Twalibu, amene anawalondera zaka zisanu ndi zitatu. Mwendo wa ababa unafooka, ndipo munda wathu wa chinangwa uli kuphiri. Popanda Mwera, ababa ndi munthu wa pakhonde.

Sabata yoyamba ndinamukwera kupita naye kunyanja kuti akamwe madzi. Ndinali nditangomaliza desima, kalasi yakhumi kusukulu, ndipo ndinkafuna anzanga andione. Mnzanga Zuleica anali pathandala akuyanika usipa.

"Iwe Shamsia, imeneyo ndi ng'ombe yabere kapena? Nkhono ingakupitirire!"

Atsikana onse anafa nazo nseko. Ine kuyankha anthu sinditha. Titakhota kuseri kwa bango, kopanda wondiona, ndinatsika, ndinatola nkhafi pabwato la munthu, n'kumumenya nayo m'ntchafu kawiri kuti athamange. Anathamangadi, yekha, mpaka kunyumba.

Kuyambira pamenepo, pang'onopang'ono ankayenda bwino. Koma ukangoti afulumire, mutu m'mwamba, makutu kumbuyo, msana gwa ngati thabwa. Tsiku lina ababa pothawa mvula anamufulumizitsa, ndipo anawagwetsa m'chinangwa.

Amalume anga, a Abeid, anabwera kudzawazonda.

"Alamu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chinyamachi n'chamisala, chidzakuphani. Ku Maniamba kuli munthu akuchifuna, ndikachisiya kumeneko."

Ababa anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.

"M'patseni mwanayu masabata awiri," anatero. "Zikakanika, mum'tenge."

M'mawa uliwonse ndinkalowa naye m'madzi osaya, chifukwa m'madzi sangathawe. Amalume akagwira chingwe cha kukamwa amachikoka ngati khoka, ndipo Mwera amalimbiratu. Ine ndinayesa kumasula. Tinkayenda pang'onopang'ono, kenako n'kufulumirako mapazi asanu okha, ndikuwerenga mokweza m'Chipwitikizi ngati kusukulu. Mantha asanam'fike ndinkam'bwezera poyenda, n'kumukanda pakhosi. Ndinazindikira kuti ndikabanika mpweya, nayenso amabanika. Ndikapuma, mutu wake umatsika.

Asanu anakhala khumi. Khumi anakhala makumi atatu. Tinatuluka m'madzi n'kuyamba pamchenga. Tsiku lina anafwenthera ali paliwiro, msana wake uli wofewa, ndipo ndinalira ndekha pamsana pakepo.

Masabata awiri aja atakwana, Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, amalume anabwera kudzaona. Ababa anakhala pampando pansi pa mango.

Tinayenda, tinafulumira, tinabwerera poyenda. Mwera anali phee. Ndinaona ababa akuwongola msana.

Pomwepo a Germano, asodzi oyandikana nafe, anatulukira kuseri kwa nyumba, nkhafi ili paphewa.

Mwera anadumphira cham'mbali, ine ndili pansi, mchenga m'kamwa. Anakaima poteropo akunjenjemera thupi lonse. Amalume anam'thamangira n'kugwira chingwe.

"Mwaona, alamu? Wadzidzimuka ndi chiyani pamenepa, mphepo? Mawa m'mamawa tikukwera mtunda wa ku Maniamba."

Ababa anangotola ndodo yawo kuti alowe m'nyumba, mwendo uja ukukhwekhwereza pansi. Ndinadziwa kuti akalowa, kumunda sadzapitanso.

"Ababa."

Mawu anatuluka aang'ono. Sanamve.

"Ababa, imani! Si misala. Akuopa nkhafi ya a Germano. Ndinamumenya ndi nkhafi ine, kuseri kwa bango, chifukwa anzanga ankandiseka. Kugwa kwanu kuja ndine."

A Germano anatsitsa nkhafi mwakachetechete n'kuigoneka pansi. Amalume anandiyang'ana, anayang'ana ababa, ndipo chingwe chinayamba kulendewera m'manja mwawo.

Ababa anabwerera pampando. "M'kwerenso, Shamsia, tione," anatero.