Nyani Anayamba Wakoka Mpango

Nesta atatulukira pamunda masana aja, akuchokera kuchipatala ku Embangweni, anapeza nyani wamkulu atakhala pachulu, akukukuta chimanga ngati wachita kuitanidwa. Mizere yonse yakumtunda inali mapesi othyokathyoka ndi makoko okhaokha. Chidole choopsezera anyani chomwe iye anachiimika dzulo lake, atachiveka chitenje chake chakale, chinali chiimire pakati pa munda, koma mpango wakumutu unali pansi.

Anapirikitsa nyaniyo ndi miyala, mtima ukuwawa. Chimangacho ndicho chinali chakudya chawo cha chaka chonse, ndipo anali atapangana bwinobwino kuti tsikulo alonde ndi amuna ake, a Anderson.

Anakawapeza pansi pa mtengo wa mango akusewera bawo, alibe ndi nkhawa yomwe. Atawafunsa, iwo anayankha modzikhulupirira kuti kumunda anapitako m'mawa, koma ali pamsewu anamuona iye ataima m'chimanga, ndiye anaganiza kuti ulendo wakuchipatala walephereka. Anangotembenuza njinga.

"Munandiona ine, bambo a Tamara?"

"Ndi maso angawa. Chitenje chobiriwira chija. Ndinalibe chikayiko ngakhale pang'ono."

"Munandiitana?"

"Ndikuitanirenji munthu ndikukuona?"

Apa ndiye Nesta zinamukwana. Anyani ankawadziwa bwino, poti anakalambira kulimbana nawo. Nyani akaona chinthu chonga munthu sakhulupirira maso ake msanga. Amaima patali, n'kupendeketsa mutu, n'kukuwa kuti aone ngati chigwedezeke. Akakayikabe amabwerera kuthengo. Amasendera pang'onopang'ono, ndipo chimanga amathyola pokhapokha akatsimikiza. Wa pachulu uja anafika mpaka pokoka mpango. Koma munthu wamkulu wandevu zake anangoponya diso kamodzi ali panjinga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mnzawo wa bawo, a Zondwayo, anayesa kuseka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nesta atawayang'ana, iwo anabweza maso pabawo.

A Anderson sanagonje. Anati cholakwa ndi chitenjecho, chinachititsa kuti chidole chifanane naye chomene, ndipo aliyense akanapusitsika.

"Mbwenu nyani sanapusitsike," anatero Nesta motsitsa mawu. "Ine ndakuphikirani zaka zonsezi, ana ndakuberekerani, koma wondidziwa bwino ndi nyani. Iye anayamba wafunsa."

Palibe anaseka.

M'mawa mwake Nesta analawirira kumunda kukatola zomwe zinatsala. Chidole anachisiya momwemo, anangochimanganso mpango. Dzuwa litakwera anamva njinga ikuima pamsewu, iye ali chiweramire m'mapesi. Panapita kanthawi, kenaka anamva mawu a amuna ake akulunjika kwa chidole chija, mokayikakayika.

"Mayi a Tamara, ndiwe?"

Nesta anapitiriza kutola, kuwasiya kuti atsike panjinga adzaone okha.