Nthawi ya Rahu m'Chipinda cha Kompyuta

Ilango anamaliza kumanga bolodi yatsopano nthawi itangodutsa hafu teni. Yakale, yolumikiza masikirini asanu ndi atatu okha ku kompyuta ya koleji, inali gone pa nyuzipepala. Yatsopanoyi inali ya masikirini khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo inali italowa bwinobwino m'chimakina chija, chachitali ngati kabati ya zovala.

"Tiyatse tione," anatero mmisiriyo.

"Ayi!" A Periyasamy, mkulu wa dipatimenti, anatchinga swichi ndi dzanja n'kuloza kalendala. "Lero ndi Lachisanu. Nthawi ya Rahu yayamba, nthawi ya tsoka. Chinthu chatsopano sichiyambidwa mpaka thwelofu."

"Bwana, sitima ya ku Madras imanyamuka hafu thwelofu. Pofika kota tu thwelofu ndikhale nditatuluka muno. Mawa akundidikira kwina."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Ngati ntchito wagwira bwino, ukuopa chiyani?"

Anavala nsapato zawo pakhomo n'kupita kukagula maluwa ndi ndimu za mwambo wodalitsa makinawo.

Sornam, woyang'anira kompyutayo, anatsala ali chilili. Anali asanakhazikitsidwe pa ntchito, ndipo Lolemba ophunzira makumi asanu ndi limodzi ankayenera kulemba mayeso pa masikiriniwo. Akakana kuyaka, mmisiri adzakhala ali ku Madras, a Periyasamy ali phee mu ofesi yawo, woloza chala aliyense n'kuloza Sornam. Akuluakulu salakwa, amalakwa ndi wapansi.

"Achemwali, nanunso mumaziopa za Rahuzi?" Ilango anafunsa akuseka.

"Ndimaopa, achimwene. Ine ngakhale sari yatsopano sindivala nthawi imeneyi."

"Ndiye nditenge chikwama changa?"

Sornam anayang'ana wotchi. Mantha anamugwiradi. Anapita kukakhoma chitseko.

"Yatsani. Tsokalo likabwera, libwere kwa ine."

Makina anayamba kulira. Masikirini akale onse anaonetsa malemba obiriwira. Atsopano onse asanu ndi atatu anangoti zii.

"Mayo ine!" Sornam anagwira pakamwa. "Mwaona? Ndi Rahu ameneyu!"

"Rahu sagwira chowotcherera, achemwali." Ilango anamasula mutu wa chingwe chimodzi n'kusuzumira. "Amene anakonza zingwezi anasemphanitsa tiwaya tiwiri. Kotumiza kali polandira. Gwirani apa, musanjenjemere."

Anawotcherera mutu umodzi umodzi, utsi wa mtovu uli tolo. Sornam ankathamanga opanda nsapato kuchoka pa sikirini ina kupita pa ina, akudinadina n'kukuwa kuti "Yayaka!" Yomaliza inavuta, kawaya kanaduka kawiri, Ilango n'kutukwana agogo ake a amene anagulitsa zingwezo. Inayaka patatsala mphindi makumi awiri kuti thwelofu ikwane. Anazimitsa zonse, Sornam n'kukupiza utsi ndi faelo, mmisiri n'kuthamangira kusiteshoni malaya ali pamtunda.

Thwelofu itadutsa, a Periyasamy analowa ndi aphunzitsi anayi. Anayatsa lubani, anadula ndimu, n'kutambasula nkhata ya maluwa kuti aikoleke pamwamba pa makina. Dzanja lawo litakhudza chitsulo, anaima.

Chinali chofunda. Makina oti akhala chizimire kuyambira m'mawa, m'chipinda chozizira chotero, sakanafunda.

Anatembenuka n'kumuyang'ana Sornam. Iye anazyolika. Anaona ntchito ikumupulumuka m'manja.

A Periyasamy anakoleka maluwa, anapaka ufa wofiira pachitseko cha makina, n'kudina swichi. Masikirini khumi ndi asanu ndi limodzi anayaka onse, aphunzitsi n'kuomba m'manja.

"Mwaona ubwino wodikira nthawi yabwino?" anatero mphunzitsi wina. "Palibe ngakhale imodzi yavuta!"

"Eee," a Periyasamy anayankha motsitsa.

Anthu atatuluka, a Periyasamy anatsalira pakhomo akuvala nsapato.

"Ndi masikirini angati anakana?" anafunsa Sornam osatembenuka.

"Atsopano onse, bwana."

Anakoka chidendene cha nsapato ndi chala.

"Madzulo ano upite kukachisi ukaswe kokonati, upepese. Uswe awiri, winayo ndi wanga. Lolemba mayeso akatha ubweretse mapepala okukhazikitsa pa ntchito ndisayine."