Matabuleti Osungira Alendo

Nkhani ya Dyness anthu a ku Kanakantapa amaikamba mosiyanasiyana, ena amathira mchere wambiri, ena amadumpha pena, koma mmene inayendera ndi umu.

Dyness anali mu giredi naini, ndipo pasukulu pawo panalibe mphunzitsi wa masamu. Amene analipo anachoka chaka chisanayambe. Akuti anasamutsidwa, koma aliyense akudziwa kuti anathawa mwamuna wa mayi uja wa pachigayo, nanga munthu wosamutsidwa amasiya matiresi ndi nkhuku zake? Ndiye nthawi ya masamu ikakwana, anyamata ankangogendana ndi zitsononkho, atsikana n'kumalukana tsitsi.

Dyness yekha zinkamudya mumtima, chifukwa atate ake, ba Ezron, anali atanena kale, ndipo bambo aja sabwereza mawu.

"Ukafeluka mayeso a naini, sukulu yathera pamenepo. Ba Judith afuna mtsikana ku Lusaka."

Ba Judith ndi azakhali ake a Dyness, ali ndi mapasa olira ngati alipidwa. Msuweni wina amene anapita kukawalera anabwerako ataonda ngati bango, manja atang'ambika ndi sopo.

Matabuleti anabwera mvula ili mkati. Galimoto yoyera ya bungwe lina la ku Lusaka inatitimira m'matope pafupi ndi mjigo, ana onse n'kuthamangira kukakankha. M'galimotomo munatuluka Madamu Chisanga, mayi wamfupi wovala jombo, wolankhula mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Anyamata awo anakhoma sola padenga la ofesi, n'kulowetsa makatoni. Madamu anati maphunziro onse ali m'kati mwa matabuletiwo, netiweki siyofunika, ndipo mwana wa ku Kanakantapa aziphunzira zomwezo zimene akuphunzira mwana wa bwana ku Kabulonga, kumayadi a ku Lusaka. Azimayi analulutira mpaka agalu kuuwa.

Eee, masabata oyamba aja! Mu tabuleti munali mphunzitsi wamkazi wa mawu ofatsa. Ukapanda kumva, umangodina, iye n'kubwereza. Udinenso, abwerezenso, osakwiya, osakuuza kuti m'mutu mwako muli phala. Dyness anadina phunziro limodzi kambirimbiri, ndipo tsiku lina anangokuwa m'kalasi, anthu n'kudzidzimuka.

"Olipa! Iwe Olipa! Uyu x ni nambala chabe yamene yabisala!"

Olipa, mnzake wa pa desiki, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Manje ufuna tikuvinire? Khala pansi, ba pulofesa, uzatichititsa manyazi."

Koma pobwerera kunyumba Olipa yemweyo anamukoka dzanja, nati amuonetse. Anakhala pamsewu, Dyness akulemba pansi ndi kamtengo, mpaka ngolo ya ng'ombe inawathamangitsa. Tsiku limenelo Dyness anayamba kuganiza za yunifolomu ya giredi teni, ndi mmene angaipindire m'chiuno kuti ifupike pang'ono.

Kenako kunachitika za Mervin, mnyamata wa m'kalasi mwawo. Mavu analowa pawindo n'kumutera pakhosi, iye anadumpha, tabuleti n'kugwa pasimenti. Sinafe ayi. Inangochita kamng'alu pakona, kochepa ngati tsitsi limodzi, ndipo mphunzitsi wa m'kati uja anapitiriza kulankhula ali pansi pomwepo.

Koma ba Mwaanga, ahedi a sukulu, atakaona kamng'aluko, thukuta linatsika mpaka m'kolala. Munthu uja si woipa, tisamunamizire. Amasita malaya ake yekha, ndipo njinga yake yakale imawala kuposa zatsopano. Vuto lake n'loti amaopa manyazi kuposa imfa. Anaitanitsa makolo.

"Aya makina si athu," anatero. "Eni ake azabwera kuzaona. Akapeza oswekasweka azakamba chani? Azakamba ati anthu a ku Kanakantapa ni nyama, sadziwa kusunga chinthu."

Makolo anagwedeza mitu. Palibe amene anatsutsa, chifukwa m'nyumba iliyonse kuno muli zinthu zotere: makapu agalasi amene amatuluka abusa akabwera, bulangete limene limagona m'sutikesi kudikira apongozi. Chinthu chabwino sachigwiragwira. Anagwirizana kuti matabuleti akhale m'chipinda cha chitseko chachitsulo, mmene amasungira mapepala a mayeso, azituluka pa masiku ofunika.

Dyness anakadandaula kwa amayi ake akusenda mbatata.

"Amama, manje tizaphunzira bwanji?"

"Ise tinaphunzira na makina? Iwe ukaphwanya chinthu cha azungu, atate ako azagulitsa chani? Mbuzi?"

"Si cha azungu, ni cha ba Madamu Chisanga."

"Ni chimodzimodzi. Nipatse mpeni uyo."

Mvula inatha, chimanga chinauma, anthu anakolola. Masiku ofunika aja sanafike. Zimene Dyness anagwira m'mutu zinayamba kutayikira ngati madzi m'dengu. Ankatsegula buku la masamu, lomwe ankabwerekana atsikana a mudzi wonse, n'kupeza masamba apakati kulibe, wina anakulungira fodya.

Nyengo yozizira ili mkati, analimba mtima n'kupita ku ofesi. Anagwada pakhomo monga amachitira mwana wamakhalidwe.

"Ba Hedi, napempha. Olo ola imodzi chabe pa sabata. Nizakhala mommuno, nizaika chitenje pansi kuti ikagwa isasweke."

Ba Mwaanga sanakalipe. Anamwetulira, natenga makiyi. "Bwera uone, mwana wanga."

Anatsegula chitseko chachitsulo chija. Makatoni anali ataunjikidwa bwinobwino pamwamba pa njerwa kuopa chiswe, atafunditsidwa nsalu ya patebulo yoluka akazi awo. Anatulutsa tabuleti imodzi, naipukuta ndi mpango, naiyang'ana ngati khanda.

"Waona? Monga yachoka mu shopu lelo. Nikakupatsa iwe, mawa Mervin azabwera, na anzake onse. Pirira. Alendo akabwera n'kuona mwamene tasungira, azatiwonjezera ena. Pamenepo muzaseweretsa mwamene mufunira."

Dyness anatambasula dzanja kuti angoikhudza, koma iwo anali atayibweza kale m'katoni.

Alendo anabwera dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka m'mapazi, mayeso atatsala pang'ono. Sabata yonse sukulu inali kusesa, kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ndi kuyeserera nyimbo yolandirira. M'mawa wa tsikulo matabuleti anatchajidwa, n'kugawidwa kwa ana okhawo okhala ndi nsapato. Dyness anabwereka za Olipa, zomupana zala, Olipa n'kukaima kumbuyo osavala, akutukwana chapansipansi.

Tabuleti itafika m'manja mwake, Dyness sanachedwe. Anadina msangamsanga, mawu ofatsa aja n'kuyambira pomwe anasiyira miyezi yonseyo, ngati panalibe chimene chinachitika.

"Zimitsa iwe!" anatero ba Mwaanga. "Uzatha batire alendo asanaone."

Madamu Chisanga analowa, ana anaimba, iwo anawomba m'manja pang'ono. Ba Mwaanga anayankhula nthawi yaitali, n'kumaliza ndi chifuwa chotukumuka: "Madamu, yang'anani mweka. Onse alipo. Kuchotsako imodzi ya ngozi, palibe olo kukalika."

Madamu anatenga tabuleti imodzi, nadinadina. Anatenga ina, kenako ina. Nkhope inayamba kugwa. Zimene anthu kuno sankadziwa n'zakuti makina aja amasunga okha nthawi imene mwana waphunzirapo, ndipo onse ankanena chinthu chimodzi: kuyambira nthawi ya mvula, zii.

"Ba Mwaanga, aya matabuleti sanagwire nchito chaka chonse."

"Tinali kusunga, Madamu."

"Kusungira ndani?"

Kuti ba Mwaanga anene kuti ankasungira Madamu omwewo zinawakanika. Ndiye anangogwira chimene chinali pafupi. "Ana a kuno, Madamu, mudziwa, ni a kumunda. Anazolowera bolodi na choko. Makina sawakonda kwenikweni."

Madamu anatembenukira kwa ana. Anaoneka otopa, osati okwiya. Anati ali ndi masukulu ambiri amene akulirira makina omwewa, ndipo lamulo la bungwe lawo n'lakuti pamene sakugwiritsidwa ntchito, amachotsapo. Kenako anafunsa pang'onopang'ono.

"Ni zoona? Simuyafuna? Aliyense akambe, osayopa."

Olipa anatsina Dyness pamsana, kutsina kwenikweni, n'kunong'ona: "Kamba iwe, pulofesa! Kamba!"

Mawu anali pakhosi pa Dyness, okonzeka. Madamu anali atamuyang'ana iyeyo, chifukwa anali atakumbatira tabuleti pachifuwa ngati ya amake. Koma pambali pa Madamu panali ba Mwaanga, munthu wa imvi, atavala jekete m'kutentha konseko. Pawindo panali makolo atasuzumira, amayi ake ali pomwepo. Mwana anganene bwanji kuti wamkulu wanama, pamaso pa alendo? Mawa lake akanadutsa pati? Dzina lake likanamveka mpaka ku tchalitchi: mwana wa ba Ezron uja, wopanda mwambo, anavula ahedi pagulu.

Dyness anayang'ana nsapato za Olipa.

Madamu anadikira pang'ono, napuma mpweya wautali, nauza anyamata awo kuti alongedze. Mnyamata amene anafika pa Dyness anachita kukoka kawiri kuti iye asiye. Anakweranso padenga kukamasula sola. Akuti zonse zinapita ku sukulu ina ya m'mbali mwa tala, kufupi ndi Chongwe, kumene ana ake ambiri ali kale ndi mafoni kunyumba. Nkhuku zimene azimayi anaphikira alendo zinadyedwa ndi a komiti ya sukulu, chifukwa Madamu anati akuthamangira kwina.

Panjira Olipa analanda nsapato zake pomwepo. "Pakamwa ponse paja pamene umatisokosera napo, lelo panamatidwa na chani?"

"Nanga iwe unalibe pakamwa?"

"Ine ninalibe nsapato! Munthu wa kumbuyo akamba bwanji?"

Anapitiriza ulendo, Dyness akudumphadumpha pa mchenga wotentha.

Tsiku la mayeso a masamu, Dyness analemba dzina lake mosamala kwambiri. Funso loyamba anayankha, lachiwiri anayesa. Kuyambira pamenepo manambala ankangomuyang'ana. Anakhala mpaka nthawi kutha, akumva zolembera za anzake zili chete ngati chake.

Zotsatira zitatuluka, atate ake sanamumenye, sanakalipenso. Anangotenga foni n'kupita kuseri kwa khola, kumene netiweki imagwira. Loweruka lotsatira ba Judith anatsika minibasi atavala wigi yofiira, nayang'ana Dyness m'mikono ngati akugula nkhuku.

"Wakula, ka. Uziba kuwasha matewera?"

"Niziba, ba anti."

"Mabuku siya, kulibe malo mu chola. Tenga chabe zovala na chitenje chopapira mapasa kumbuyo."

Amayi ake anamuperekeza mpaka pamsewu, akumuuza kuti azikadzuka m'mamawa, asamakayankhe akulu. Olipa sanabwere, akuti anali kumunda, koma anthu anamuona ali kuseri kwa chigayo akulira. M'minibasi munali modzaza, ndiye kondakitala anakhazika Dyness pa thumba la tomato, chammbuyo, moti Kanakantapa yense ankamuona akuchepa m'fumbi.

"Khala bwino iwe," anatero kondakitala. "Uzaphwanya tomato ya anthu."